Magudumu a mvunguti ndi zala za achimwene

Bwerani kuno nonsenu. Bwerani, ndati! Iwe wa galimoto ya mawayayo, imika pomwepo, yandisokosa kuyambira m'mawa, kwee kwee kwee. Gudumu lako lakumanzere likutsimphina, sukumva? Ine ndamva ndili kuno ndi makutu okalambawa. Khalani pansi. Iwe sendera uko, wandikhalira mwendo wodwala. Wa mwana kumsanayo mupatse bere atonthole. Chete tsopano. Chete! Ndikuuzeni za achimwene anga, amene inu simunawaone, amene ngakhale amayi anu sanawaone.

Nthawi imeneyo ndinali kamtsikana, pachifuwa pali see. Tinkakhala cha ku Chipoka, kumtunda pang'ono, kumene njanji imadutsa m'dambo. Nkhondo ya azungu ija inali itangotha kumene. Abambo athu anapita ku Joni ine ndikukwawa, n'kutchona komweko. M'nyumba tinalimo atatu: amayi, achimwene, ndi ine. Amalume, alongo awo a amayi, ndiwo anali eni mbumba, nyumba yawo chapafupi pomwepo.

Kwathu kuja n'kwachidikha. Ukataya madzi pansi amangoima n'kumakuyang'ana, osadziwa kolowera. Chitunda chokha chimene tinali nacho n'chimene anaunjika anthu a njanji kuti sitima isamire m'dambo. Chachitali, kupitirira denga la nyumba. Pamenepo ndi pamene anyamata ankapikisanitsa timagalimoto tawo. Osati zanu zokankha ndi ndodozi, ayi. Zathu zinkayenda zokha. Umaiika pamwamba, n'kuisiya, iyo n'kutsetsereka. Kukankha kunali kuba. Ngakhale kuuzira ndi pakamwa, ankakuwaza khofi.

Galimoto yeniyeni tinkaidziwa imodzi, lole ya mmwenye imene inkabwera kudzatenga mpunga. Achimwene anagona pansi chagada n'kusuzumira kunsi kwake, dalaivala akuwathamangitsa, n'kubwera kunyumba fumbi lokhalokha akuti, "Ndaona mmene zimakhalira."

Thupi la galimoto ankasema chiwale, chopepuka chija. Magudumu ankadula mvunguti. Ee, mvunguti womwewo! Sekani, ndikudziwa chimene anyamata inu mumaufunira. Ife tinkaufunira magudumu. Umasankha chipatso chowongoka, n'kuchidula mapande mapande, n'kuyanika pamthunzi. Padzuwa ayi, gudumu limapindika ngati khutu la mbuzi. Kamtengo kodutsa pakati pa magudumu awiri, kamene inu mumati ekiselo, ife tinkangoti mtanda, ndipo unali wa nsungwi yopala. Bowo la pakati pa gudumu ankaboola ndi msomali wootcha pamoto mpaka kufiira.

Nanga ine mtsikana ndinalowamo bwanji? N'kuzira. Njira ya magalimoto pachitunda inkafuna kuzira ndi dothi la pachulu kuti isalale ngati pansi pa nyumba. Anyamata aja amvekere, "Aaa, kuzira n'kwa akazi." Achimwene amvekere, "Akubwera wozira." Ndiye ndinkazira, iwo n'kundilola kukhala pambali, kukamwa kuli yasa.

Kupanga galimoto aliyense ankapanga. Chimene achimwene ankaposera anzawo n'kuyesa. Iii, munthu uja kuyesa! Anzawo akadula, kuboola, kulowetsa, basi liwiro kuchitunda. Iwo ayi. Gudumu lililonse ankayamba aligubuduza lokha pamsana pa bwato lovundikira, kuona ngati lipita chowongoka kapena likhotera kumbali. Lokhota, kutaya. Mtanda ankapita nawo panjanji penipeni, pachitsulo chosalala chija, n'kuugubuduza ndi chikhatho. Ukangodumpha pang'ono, ndiye kuti ndi wopindika, kutaya. Amayi kukalipa: "Iwe! Bwalo lonse ladzaza zinyalala zako! Ndikasesa m'mawa, masana mvunguti, kodi ndinabala mwana kapena nyani?"

Kuyesa komaliza kunali kwa chala. Ankalowetsa gudumu pamtanda, n'kulizunguza, fwiii, n'kutsinzina, n'kuika nsonga ya chala m'mphepete mwake mopepuka ngati yatera ntchentche. Gudumu labwino limangonyerenyetsa chala mofanana. Loipa limagunda: ti, ti, ti. Iwo n'kuti, "Ili likutsimphina. Diso silingaone, koma chitunda chiona." N'kutenga tsamba lokhakhala, kupala pang'ono, kuzunguzanso, kupalanso, mpaka dzuwa kupendeka. Zopaka pamtanda ankaba mafuta a nsatsi m'nsupa ya amayi. Anzawo ankapaka mafuta a nsomba, poti ndiwo anali ponseponse, ndiye mchenga n'kumamatirira, kukacha nyerere zadya theka la galimoto.

Panali mnyamata mmodzi, mwana wa kapitawo wa njanji, wovala kabudula wa khaki ife tonse tili ndi nsanza. Ameneyo ndiye ankalimbana ndi achimwene. Ankalankhulira m'mphuno, chonchi: "Lero ndikudyetsa fumbi, mwana wa mtchona iwe!" Achimwene osakweza mawu: "Fumbi lakolo ndiliona ndikacheuka." Anyamata onse kugubuduka nako kuseka. Lero apambana uyu, mawa uyo.

Tsopano tcherani khutu. Tsiku lina masana tili kuseri kwa nkhokwe, achimwene akuboola magudumu. Msomali anali ataukulunga kansanza kogwirira, monga masiku onse. Ine ndikukupiza moto. Ndinangomva fungo. Fungo la nyama. Ndinati, "Achimwene, ndani akuwamba mbewa?" Kuyang'ana, kansanza kaja kagwa kalekale, iwo agwira chitsulo ndi zala zenizeni, utsi ukutuluka pakati pa zala, iwo ali phee, akuimba mluzu.

Ndinakuwa, "Mayo, dzanja!"

Anaponya msomali uja, n'kuyang'ana zala zawo. Zapsa mpaka kuyera. Anaziyang'ana nthawi yaitali ngati ndi zala za munthu wina. Kenaka ananditseka pakamwa ndi dzanja linalo.

"Usanene."

"Sizikupweteka kodi?"

"Ndati usanene. Kwa amayi, kwa amalume, kwa mnzako aliyense. Wamva?"

"N'chiyani kodi, achimwene?"

Anangotembenuka n'kukweza malaya. Miyezi imeneyo anali atayamba kuvala chimalaya chakale chimene anasiya abambo, ngakhale kutenthe chotani, ndiponso anali atasiya kusamba ndi anzawo. Ine ndinkati n'kudzikuza. Pansi pa phewa panali banga lotuwa, lalikulu ngati chikhatho changa.

"Tsina apa."

Ndinatsina.

"Tsina zenizeni, iwe."

Ndinatsina mpaka zikhadabo kulowa. Iwo ali chiyang'anire kutsogolo anati, "Watsina?"

Ana inu, ndinali wamng'ono koma sindinali wopusa. Dzina la nthenda imeneyo tonse tinkalidziwa. Khate. Masiku ano ndikumva kuti umangopita kuchipatala, akupatsa mapiritsi, n'kuchira uli m'nyumba mwako, ukudya mbale imodzi ndi ana ako. Nthawi imeneyo kwathu wakhate ankamumangira msasa kutchire, mbale yakeyake, chikho chakechake. Akafa, kumanda kwa anthu osalowa, ati nthaka imukana, mvula ithawa. Ndiye akangodziwa anthu, achimwene achoka m'nyumba, ndipo sadzalowanso. Mukaona misozi ikutsika musandifunse, ingomverani.

Kuyambira tsikulo zala zawo ndinali ine. Za chilonda tinauza amayi kuti agwira chikuni mosaona. Kuboola ndinkaboola ine. Kuyesa, iwo ankazunguza gudumu, ine kuika chala.

"Likuti bwanji?"

"Likugunda."

"Kwambiri?"

"Pang'ono."

"Pang'ono pa chiyani? Usandipatse mawu a ulesi. Tsinzina! Peza pamene likugundapo."

Ndinkaligwira pomwepo, iwo n'kupala. Poyamba ndinkalakwitsa, iwo n'kundikhoma pamutu ndi chibakera chosamva chija, kuwawa kwake! Koma ndinaphunzira. Chala ichi, onani, chokhwinyatachi, chinafika pomva ngakhale kamchenga kamodzi m'bowo.

Tsiku lina ndikuchokera kotunga madzi ndinawapeza okha kuseri kuja. Azunguza gudumu, aika chala ichi. Palibe. Aika icho. Palibe. Asintha dzanja. Kenaka anaweramira, n'kuika mlomo wam'munsi m'mphepete mwa gudumu, atatsinzina, kuti mwina amveko. Atandiona anati, "Ukuyang'ana chiyani? Ndikuuzira fumbi." Ine ndinati, "Eya, lachuluka fumbi." Ndinatula mtsuko wanga.

Vuto linatulukira kuchitunda. Kusiya galimoto kumafuna zala zakumva. Uitsegule mbali zonse nthawi imodzi, mopepuka. Iwo chala china chinkatsalira, galimoto n'kunyamuka chokhota, n'kukagwera m'udzu. Kamodzi, kawiri, mpaka anyamata kuyamba kuyang'anana. Mwana wa kapitawo m'mphuno muja: "Kodi mwakalamba, agogo? Manja akunjenjemera? Tikusemereni ndodo?"

Ndiye achimwene anaganiza nzeru. Anati, "Kuyambira lero aziisiya ndi mlongo wangayu. Ine ndiziiwakha kumunsi." Poti kumunsi kwa chitunda kunali ngalande ya madzi, ndipo galimoto iliyonse inkafuna munthu woigwira isanagweremo. Imeneyo inali ntchito ya tiana.

"Mtsikana? Pamzere wa amuna?"

"Ukumuopa?"

"Ndani akuopa? Bwera naye, alire bwino."

Anyamata anaona ngati ndi mwano chabe wa achimwene, kufuna kunyoza mnzawo. Palibe anaganiza zina. Ndipo tinayambanso kupambana. Ine mtima unakhala pansi. Ndinati basi, tabisa, tizikhala chonchi mpaka kukalamba, ine zala iwo mutu. Nzeru za mwana.

Kenaka inabwera sipoko. Panali bambo wina wa Chisilamu wogulitsa usipa panjinga, amene achimwene anamuthandiza kukankha njinga pamchenga. Sipoko imodzi inali itathyoka ikulendewera. Bamboyo anaizula n'kuti, "Tenga, mwanangu, ndamva ndiwe fundi, mmisiri wa magalimoto." Achimwene anabwera nayo ataibisa m'malaya ngati dzira. Chodulira tinalibe. Anaipinda uku ndi uku mpaka kuduka pawiri, n'kunola nsonga zake pamwala kuti zilowe m'bowo laling'ono, poti bowo likachepa gudumu siligwedera. Nsonga zija zinatsala zotulukira kunja kwa magudumu, zakuthwa ngati singano.

Tinapita nayo panjanji kukaigubuduza. Ana inu, inayenda ngati madzi. Osadumpha n'pang'ono pomwe. Tinasankha magudumu abwino koposa onse, ouma bwino, tinapala, tinapaka nsatsi. Atazunguza, ndinaika chala, ndinati, "Achimwene, mwazunguza kodi? Sindikumva kanthu." Iwo nkhope inasintha, kuti gwaa, maso ali pa chala changa. Anandigwira mkono. "Wati chiyani?" Ndinati, "Ayi, ayi, ndikumva! Ndikunena kuti silikugunda!" Anakhala pansi, thukuta lili kamukamu. Ndiye anaseka. Ine ndinasekanso, koma kuseka kwake kunali kwa anthu oti aphonyedwa ndi ng'ona.

Tsiku la mpikisano linali la m'masika, mpunga atamweta, anthu ali ndi nthawi. Mbiri ya galimoto ya chitsulo inali itamveka. Kunabwera ana a midzi ina, asodzi ena ndi maukonde awo osoka, ngakhale amayi opita kuchitsime anatula mitsuko n'kuima. Ine ndinali nditazira njira dzulo lake, ikuwala. Pamwamba tinagwada pamzere, ine pakati pa anyamata, mwana wa kapitawo kudzanja langa lamanja akundinong'oneza, "Ukalira usandidetsere kabudula." Kumunsi achimwene anyonyomala m'mphepete mwa ngalande, manja ali tambasu.

Woitana anakuwa, "Siyaniii!"

Ndinatsegula zala.

Iii! Inatsika ngati nankapakapa. Za anzathu zikuti gudu gudu gudu, yathu osamveka n'komwe, siii. Ya mwana wa kapitawo inayesa kuitsatira, gudumu n'kuguluka, kuthamanga lokha kukalowa m'bango. Anthu kukuwa! Asodzi kuimba mluzu! Mayi wina nthungululu! Yathu inafika pansi zinazo zili pakati pa chitunda. Koma liwiro limenelo sitinalizolowere. Pamene dothi lozira limathera panali kamzere ka mizu ya udzu, inagunda pamenepo, n'kudumpha, n'kutembenuka m'malere, kulunjika m'madzi. Achimwene anaiwakha ndi zikhatho zonse ziwiri, phaa, ngati akugwira chiwala.

Anaimirira, n'kuinyamula m'mwamba, akuvina. "Wadya ndani fumbi? Nena! Wadya ndani?" Ine ndikutsika chitunda ndikudumpha. Iwo anatambasula manja kuti aombe m'manja, kapena kuti aloze mnzawo uja, kaya.

Galimoto sinagwe.

Inangolendewera padzanja. Sipoko inalowa pachikhatho n'kutulukira kuseri. Magazi akutsika mumkono, kudontha pachigongono, iwo akuvinabe, akuseka, mano onse panja, dzanja lili m'mwamba, gudumu lakumunsi likuzungulirabe.

Phokoso linazima. Anayamba kukhala chete ndi apafupi, kenaka akumbuyo, mpaka tinamva achule m'ngalande. Mwana wa kapitawo anafika pafupi. Sananyoze, ayi. Mawu a m'mphuno aja anatha, kunatuluka timawu ta mwana.

"Iwe. Sukumva?"

Achimwene anayang'ana dzanja. Ndiye anakuwa, "Mayo! Mayo, ndapweteka!" Koma anachedwa, ana inu. Anachedwa. Kukuwa kwake kunali kochita kupanga, aliyense anaona. Mayi wachikulire wina anakoka mdzukulu wake n'kumubisa kumbuyo. Anangoti, "Khate ili." Anthu balala.

Sipoko ndinaizula ndine. Panalibe wina woti aigwire.

Madzulo asanafike amalume anawakhazika pabwalo, kuwavula malaya aja, kuwamanga nsalu kumaso. Anathyola munga wa mthethe. Amayi agwada chapatali, manja pamutu. Amalume anati, "Ukamva unene." Anabaya pabanga paja. Achimwene zii. Anabayanso, kamagazi kutuluka. Zii. Ndiye amalume anachotsa dzanja, munga uli m'malere, osakhudza thupi. Achimwene poona kuti papita nthawi anati, "Ndamva, amalume. Apo ndamva."

Amalume anataya munga. Munthu wamkulu uja anakhala pansi m'fumbi n'kuphimba nkhope. Amayi anagubuduka. "Mwana wanga ine! Mwana wanga wamwamuna ine! Ndalakwa chiyani ine!"

Msasa anaumanga kutsidya kwa dambo. Galimoto ija, magudumu onse, ziwale, mphasa yawo, anaotcha. Anyamata analeka kupita kuchitunda, ati njirayo yakhudzidwa, mvula itagwa udzu unamera. Chakudya ndinkapereka ine. Ndinkakhuthula m'mbale yawo imene inkakhala pachitsa, n'kubwerera m'mbuyo, iwo n'kutuluka kudzatenga. Tinkalankhulana chokuwa ngati anthu a m'mabwato awiri.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

"Ndadzuka. Amayi adya?"

"Adya." Bodza. Amayi sankadya.

Msasawo unayang'anana ndi njira ya kuchitsime, ndiye achimwene zonse ankaziona. Ankaona ine ndikafika atsikana akusuntha mitsuko yawo. Ankaona akundiuza kuti nditunge pomaliza, ndi chikho changachanga. Ankamva akundiitana dzina latsopano, mlongo wa wakhate. Amayi ena ankanena mokweza dala: "Kameneka ndani adzakakwatire? Kankagwirana naye manja tsiku lililonse." Tsiku lina achimwene anandifunsa, "Kuchitsime akukutani?" Ndinati, "Palibe." Iwo anati, "Usamaime nthawi yaitali pano. Ukakhuthula uzipita." Ine osamva. Ndinkaimabe.

Amalume anafunsafunsa, n'kumva kuti cha kumapiri kuli ansembe achizungu amene amasunga akhate n'kumawabaya jakisoni. Achimwene sitima sakanawalola kukwera. Anati ayenda pansi, kutsata njanji. Ndikuuziranitu, kuti musandifunse pambuyo: achimwene sanabwerere. Amalume anabwerako okha. Ena anati anachira n'kukwatira komweko, ena anati anamwalira chaka chomwecho, ena anati anawaona akupemphetsa ku Limbe opanda zala. Amayi anafa akuyang'ana kunjanji. Manda awo achimwene sindikuwadziwa, kaya alipo n'komwe.

Tsiku lonyamuka linali m'mawa, mame asanaume. Amalume patsogolo ndi kamtolo ka ufa, achimwene pambuyo, motalikirana, dzanja lokulunga nsanza. Mudzi wonse unatuluka, koma kuima patali, ngati akuonera moto wolusa. Amayi anauzidwa kuti asalire maliro munthu ali moyo, ndiye analuma nsalu. Ine anandigwira azakhali ena pamkono. Ndinaona achimwene akukwera chitunda, akuyamba kuyenda pakati pa zitsulo, osacheuka. Osacheuka n'kamodzi komwe.

Ndinawaluma azakhali aja, n'kupulumuka. Liwiro! Kudutsa pakati pa anthu, kukwera chitunda ndi manja ndi miyendo, miyala ya njanji ikundicheka kumapazi. "Achimwene! Dikirani! Ndipita nanu! Ndikakutungirani madzi ndine! Achimwene!"

Anaima. Anatembenuka. Anayang'ana ine, n'kuyang'ana khamu lija kumbuyo kwanga, atsikana a kuchitsime, amayi awo, onse makosi ali tolotolo. Ndinatsala pang'ono kuwafika, manja nditatambasula. Anawerama, n'kutola mwala wa panjanji, n'kuponya. Unagwa patsogolo pa mapazi anga. Anatolanso wina. Misozi ili chuchuchu, koma mawu anawakweza mpaka mudzi wonse unamva, mpaka kuchitsime:

"Choka! Ndiwe mwana wa yani iwe? Sindikudziwa! Imvani nonse, ine ndilibe mlongo! Bwerera!"